Ababa Sanathawe

Anthu a masiku ano ndikawauza kuti ku Mulanje kuno kunali njanji yolowa pansi pa nthaka, amandiyang'ana ngati ukalamba wayamba kundisokoneza mutu. Iwo njanji imene amaidziwa ndi ya ku Luchenza basi. Asiyeni, sanaione. Ine ndinaiona, ndinakwerapo, ndipo ababa anga ali momwemo mpaka lero.

Sinali njanji ya sitima yeniyeni ayi. Kanali kanjanji ka pa esiteti ya tiyi imene tinkakhalapo m'zaka za m'ma 1950, kopapatiza moti mwana ankatha kuponda zitsulo zonse ziwiri atatangadza miyendo. Pa kanjanjiko pankayenda ngolo zachitsulo zonyamula nkhuni za bulugama kuchokera m'munsi mwa phiri kupita ku fakitale, kumene moto woumitsira tiyi sunkazima. Ngolozo zinkakankhidwa ndi anthu. Pakati pa nkhalango ya bulugama ndi fakitale panali kamtunda kotalika ngati msana wa ng'ombe, ndipo azungu ataona kuti ngolo sizingakwere pamenepo anati paboolewe. Anakumba ndi anthu a thangata, aja ogwira ntchito polipira malo amene anamangapo nyumba, ndipo anayala njerwa m'mbali ndi kudenga komwe. Ife tinkangoti chiboo. Ukaima pa khomo la kuno, kuwala kwa khomo linalo unkakuona kutali, kochepa ngati chikhadabo.

Ababa anali mmodzi wa okankha ngolo. Anabwera kuchokera ku Chipwitikizi ali mnyamata, atawoloka Muloza ndi mkeka wokha pamutu. Zala ziwiri za dzanja lawo lamanja sizinkapindika chifukwa cha mbalamatodya, chithabwa choboolaboola chija Apwitikizi ankamenyera anthu m'zikhatho, moti popereka moni zalazo zinkangoima zokha. Za kumeneko sankakonda kukamba. Munthu akangotchula zobwerera kwawo, iwo ankatambasula dzanjalo n'kumuonetsa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsiku lina Loweruka, kapitawo atapita kukadya, anandinyamula n'kundikhazika pamwamba pa nkhuni, nati ndigwiritse. Titalowa m'chiboo kunazizira mwadzidzidzi, madzi akudontha kudenga n'kumandigwera pakhosi, ndipo ine ndinayamba kulira. Iwo anayambitsa nyimbo ya Chilomwe, anzawo okankha n'kuvomera, ndipo mawu awo ankabwerera kuchokera m'njerwa ngati akuimba ndi anthu a mudzi wonse. Pofika ku khomo linalo ndinali ndikuseka, ndipo ndinawapempha kuti tibwerezenso. Anakana, akuti ngolo si galimoto ya ana a bwana.

Chaka chimene zinachitika ndinali ndisanathe msinkhu. Mvula inagwa osakata mpaka mitsinje yotsika m'phiri inayamba kugubuduza miyala, ndipo akuluakulu ankanong'onezana za napolo. Matope analowa m'chiboo, ngolo zinaima, ku fakitale nkhuni zinayamba kuchepa. M'mawa wina ababa anadya chinangwa chophika m'mbale yawo yachitsulo, yoyera ya mkombero wabuluu, namwa madzi otentha m'kapu yawo, n'kutenga fosholo. Anauza amayi, ine ndikumva ndi makutu angawa, kuti akapitawo awatuma akachotse matope m'chiboo. Chakumasana tinamva kugunda kwapansipansi, nkhuku n'kubalalika pabwalo. Madzulo ababa sanabwere.

Kapitawo ameneyu anali mnzathu wa chilankhulo chimodzi, wowoloka mtsinje womwewo umene ababa anawoloka. Anali ndi chipewa cha khaki ndi wezulo pakhosi, ndipo Chilomwe ankachisiya kunyumba pamodzi ndi malaya azigamba. Amayi atapita kwa iye m'mawa mwake, anawauza kuti iye sanatume munthu m'chiboo, nanga ndani angatume munthu m'dzenje mvula yotere, ndipo anati pali amene anawaona ababa akulowera njira ya ku Muloza. Amuna anu anathawa, anatero, atopa ndi thangata ngati ena ambiri amene anathawa. Amene anawaonayo sanamutchule, ndipo sanapezeke mpaka lero.

Amuna ena anatenga makasu kuti akafukule. Anapeza denga la pakati litagwa, dothi ndi miyala zitatseka njira yonse, njerwa zikugwabe. Asanayambe n'komwe kukumba anabwezedwa, akuti bwana waletsa, sangataye anthu chifukwa cha munthu amene ali kwawo akumwa otheka, mowa uja wa kwathu. Chifukwa chenicheni aliyense ankachidziwa. Munthu akafera pantchito kunkabwera a boma ndi mafunso, ndipo funso loyamba likanakhala lakuti anamutuma ndani. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo kapitawo anali atakhala pamkhate wa bwana. Anthu anatseka pakamwa, pakuti aliyense nyumba yake inali pa dothi la esiteti.

Amayi anapita kwa mlongo wawo, amalume anga, mwini mbumba wathu, kukapempha kuti tilire maliro ngakhale popanda mtembo, kenako atimete monga mwa mwambo. Kwathu maliro amatha ndi kumeta. Wofedwa akametedwa ndiye kuti mudzi wonse wavomera kuti munthu wake wapita. Amalume anakana. Sanali munthu woipa, anali amantha chabe, ndipo mantha awowo ankawabisa kuseri kwa mwambo. Anati kumetera munthu wamoyo n'kumulodza. Nanga alamu atati atulukira mawa, tidzati tinkameta chiyani? Anati papezeke munthu wonena poyera kuti anawaona akulowa, iwo lumo ali nalo. Munthu woteroyo anali kapitawo yekha, ndipo anali atanena kale zake.

Amayi anabwerako osalira. Anakhala pakhonde, namasula duku, nati, “Tsitsi ili silidzaona lumo mpaka pa maliro a amuna anga.”

Masiku amenewo akazi kwathu ankameta pafupipafupi, moti tsitsi lalitali linali la amisala okha. La amayi linakula, linapotana, linachita zingwezingwe, duku n'kumalephera kulibisa. Anthu ankati mayi uja wazungulira mutu. Iwo ankayankha kuti wamisala anaona nkhondo, n'kupitiriza kuthyola tiyi wawo.

Amene sanakhalepo mkazi wa wothawa sadziwa. Wamasiye anthu amamulimira, amamufolerera nyumba, amamupepesa akakumana naye panjira. Mkazi wa wothawa amamufunsa kuti kodi munamulakwira chiyani. Thangata ya ababa inagwera amayi, ndipo palibe amene anabwera pakhomo pathu ndi ufa kapena nkhuni, pakuti panalibe maliro. Ngakhale mawu aja akuti pepani, amene munthu amapatsidwa akapunthwa chala, ife sitinawamve.

Ine ndinalibe mtima wa amayi wodikira. Mawu akuti anathawa ankandiotcha, ndipo mpaka pano ndikawamva pakamwa pa munthu, ngakhale akunena za mbuzi, amandiotchabe. Kuchitsime ana ankanditcha mwana wa wothawa. Mtsikana wina wamkulu kuposa ine anawonjezera kuti ababa akwatira kwina mkazi wa mutu wosalala. Ndinamuswera mtsuko wake pamsana, ndipo amayi atandikalipira ndinawauza kuti akabwerezanso ndidzamuswera wina. Sindinapepese, ndipo sindikupepesa lero.

Chaka china kunabwera munthu wa malonda a nsomba zouma kuchokera kutsidya, amene atakhuta mowa ananena kuti anawaona ababa pamsika wina, onenepa, atavala jekete, ndipo anapatsana moni wapamanja. Nkhaniyo inafika kwathu isanazizire. Ine ndinafuna kuti ikhale yoona, pakuti mwana amafuna bambo wamoyo ngakhale akhale wothawa. Amayi anamutsatira munthuyo, ine ndili pambuyo, namufunsa kuti pamene ankakupatsani moniwo dzanja lawo linali lotani. Iye anati linali dzanja ngati manja onse. Amayi anamuthokoza n'kubwerera, ndipo panjira anandiuza kuti ndisamalole anthu kundipachika bambo wa eni.

Kanjanji kaja sikanayendenso. Malole anali atayamba kale kubwera, ndipo nkhuni zinayamba kuzungulira pamsewu. Zitsulo za panja anazizula n'kupita nazo. Ngolo zina anazisiya m'mbali mwa njira mpaka udzu unamera m'kati mwake, nkhwali n'kumaikiramo mazira, ndipo mitanda ya pansi chiswe chinaidya. Koma zitsulo za m'kati mwa chiboo palibe anazikhudza, ngakhale osula nkhwangwa, anthu oti akanatha kuzula msomali pa chitseko cha tchalitchi. Zinachita dzimbiri, madzi otuluka m'chiboo n'kumakhala ofiira. Pamwamba pa khomo panamera kachere, mizu yake n'kulowa pakati pa njerwa n'kumazikankha pang'onopang'ono, moti dzinja lililonse tinkapeza zina zili pansi, zobiriwira ndi ndere. M'kati munadzaza mileme, ndipo fungo lake linkakuchingamira uli patali.

Anthu omwewo amene ankati ababa ali kutsidya ndi amene ankanena kuti m'chiboo mumamveka ngolo zikuyenda ndi munthu akutsokomola. Ndinkawafunsa kuti akutsokomolayo ndani, poti munati mulibe munthu. Ankandiuza kuti ndi pakamwa pangapa sindidzakwatiwa. Ndinakwatiwa, ndipo pakamwa ndi pomwepa.

Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, amayi ankatenga tsache n'kupita kukasesa pakhomo pa chiboo. Ankazula udzu, n'kuunjika pambali njerwa zakugwa, kenako n'kukhala pansi kuwauza ababa za kunyumba m'Chilomwe: kuti denga likudontha, kuti nyemba za kalongonda chaka chino zakana, kuti mwana wanu wamenyanso munthu. Mlonda ankabwera kudzawathamangitsa, akuti malo ano ndi oletsedwa. Iwo ankadzuka n'kuyenda pang'ono, mlonda akapotoloka n'kubwereranso. Mapeto ake mlondayo anatopa, n'kumayang'ana kumbali Lamulungu likafika.

Ine ndinalowamo kamodzi, masana dzuwa likuswa mtengo, nditasinkhuka kale. Madzi ankalekeza m'akakolo, ozizira mpaka m'mano. Ndinatsata chitsulo cha njanji ndi phazi mpaka pamene chinalowa m'dothi, ndipo njira inathera pomwepo. Panali chimulu cha dothi lofiira ndi miyala kufika kudenga, patamera tizomera toyera tosadziwa dzuwa. Ndinaika dzanja pa dothilo n'kuitana kuti ababa. Njerwa zinandibwezera mawu anga omwe, mileme n'kuyamba kuuluka. Sindinachite mantha. Ndinakwiya, kuti munthu ali pafupi chonchi, kuseri kwa dothi loti amuna a mudzi umodzi akanalichotsa, koma dziko lonse likuti ali kutsidya kwa Muloza.

Pali chinthu chimene amayi anachiona chimene ine, ndi ukali wanga wonse, sindinachione. Njira yachidule yochokera ku munda wa tiyi wa kumtunda kupita ku fakitale inkadutsa pakhomo penipeni pa chiboo. Tonse othyola tiyi tinkadzera pomwepo ndi madengu athu kumsana, pakuti nane ndinali nditalowa ntchito. Kapitawo yekha sankadzerapo. Ankazungulira kumsewu wa malole, kaya kukutentha kaya kukugwa kamvula ka chiperoni, ndipo akafunsidwa ankati akukaona ngalande. Amayi ankangoti ngalande za kumeneko zili ndi mwayi, zimaonedwa tsiku ndi tsiku. Tikakumana naye ankamupatsa moni mwaulemu wonse, atagwada, ndipo iye ankayankha maso ali pa duku lawo lotumphuka. Ndikawafunsa kuti mukumugwadiranji munthu ameneyu, ankati mlandu suola.

Zinapita zaka, ine n'kufika poti anyamata ayamba kutumiza mawu. Tsiku lina Loweruka chakumadzulo amalume anabwera, nakhala pa mpando osafuna kutiyang'ana. Anati bwana akufuna kumanga shedi yatsopano, ndipo waona kuti njerwa za pa chiboo zikungoonongeka. Lolemba gulu la amuna likaphwasula khomo n'kutenga njerwa zonse zofikirika, kenako akagumulira dothi pamenepo, asalaze, adzalepo tiyi. Iwo amalume anali m'gulu lomwelo. Anati abwera kuti tisadzamve kwa ena.

Ndinawafunsa ngati akakweze piki pamutu pa alamu awo. Anati ndisawayankhule ngati ndine mnzawo, ntchito ndi ntchito, akakana adzagona kuti ndi ana awo. Ndinanena zambiri tsiku limenelo, zina zosayenera mwana wamkazi kuuza amalume ake, ndipo amayi anandisiya ndinene. Chimene chinkandiwawa n'chakuti pakadzalidwa tiyi ngakhale poloza sipadzakhala. Ana anga ndidzawaonetsa mzere wa tiyi n'kuwauza kuti agogo anu ali apa, iwo n'kumandiseka.

M'mawa mwake amayi sanapite ku tchalitchi. Anakwera pa mpando n'kutsitsa kutsindwi kamtolo ka chiguduli, ndipo m'menemo munali mbale ija ya mkombero wabuluu ndi kapu yake. Chichokereni ababa palibe anadyeramo. Anandituma msomali ndi mwala. Kwathu munthu akaikidwa, mbale yake ndi kapu yake timaziboola pansi n'kuzisiya pamtumbira, kuti wamoyo asadzadyeremonso, ndiponso kuti wodutsa adziwe kuti apa pagona munthu. Malo akakhala ndi mbale yoboola, ngakhale nkhuni sutolapo. Aphunzitsi a mpingo ankaletsa zimenezi, akuti n'zachikunja. Nditawakumbutsa amayi, anati aphunzitsiwo akanabwera ndi nyimbo zawo kalekale bwenzi mbaleyi ili yosaboola. Ine ndinagwira msomali, iwo anamenya. Utoto woyera unathetheka n'kundilowa m'maso, ndipo ndinalira nazo zonse pamodzi.

Lolemba kunacha ndi chiperoni, phiri losaoneka. Ife tinafika gulu lisanafike. Amayi anasesa monga mwa nthawi zonse, naika mbale chovundikira pakati penipeni pa khomo, pakati pa zitsulo zadzimbiri zija, kapu pambali pake, poboola pakuyang'ana kumwamba. Kenako anayala chiguduli n'kukhala pansi atatambalala ngati wofedwa, ine pambali pawo. Madengu athu a tiyi tinali titawasiya kunyumba.

Amuna anabwera ndi mapiki ndi mawilibala, akuseka nkhani zawo. Wapatsogolo ataona mbale anaima, mnzake n'kumugunda ndi wilibala kumbuyo. Kuseka kunatha. Wina anavula chipewa, winanso chimodzimodzi, ndipo anayamba kutula zida pansi mosachita phokoso. Amalume anaima kumbuyo kwenikweni, maso pansi. Nthawi yomweyo akazi anzathu othyola tiyi ankadutsa kupita ku munda wa kumtunda, ndipo nawonso anaima ndi madengu awo.

Kapitawo anabwera pomalizira, ndipo tsiku limenelo analibe kozungulira. Anaima patali ndithu n'kuliza wezulo, nafunsa chimene anthu aimirira ngati mitengo. Ataona mbale nkhope yake inatuwa, koma mawu anawakweza. Anati mayi inu, misala yanu muzikachitira kwanu, chotsani zinyalala zanuzo anthu agwire ntchito.

Amayi sanadzuke. Anayankha m'Chinyanja chawo cholemera ndi Chilomwe, chimene anthu ankakonda kuchiseka, koma tsikulo palibe anaseka.

“Akapitawo, inu munati amuna anga anathawa. Ndiye apa si pamanda, eti? Iyi ndi mbale chabe. Tolani ndinu, mundipatse m'manja, ine ndinyamuka ndizipita.”

Kapitawo analoza mwamuna wina kuti atole. Mwamunayo anabisa manja kumbuyo, nati iye mbale yoboola sagwira. Analoza amalume, akuti ndi mlongo wanu uyu, mchotseni. Amalume anati mlongo wawo amuchotsa, koma mbaleyo atole amene akudziwa kuti pansipo palibe munthu. Ndinawayang'ana amalume anga ngati ndikuwaona koyamba, ndipo zonse zimene ndinawanena Loweruka zinandithera mumtima.

Kapitawo anayenda. Ndimauona mpaka lero ulendo umenewo, waufupi ngati kuchoka pakhonde kufika pankhokwe, koma anauyenda pang'onopang'ono. Anafika pa mbale, anawerama, dzanja linatsika mpaka pafupi. Madzi a kudenga ankadontha pa mbaleyo n'kumalira kuti tho, tho, ndipo mphepo yozizira ya m'chiboo inkamuomba kumaso. Dzanja lija linakhala m'malere, kenako analibweza n'kulipukuta pa kabudula ngati lagwira kale kanthu. Anaweramuka osatola.

Ali chiimire choncho tinamva njinga yamoto. Bwana wa nthawi imeneyo anali wina, wofiira khosi, amene anabwera pa esiteti chiboo chitagwa kale, moti za ababa sankazidziwa. Anatsika, nayang'ana mawilibala opanda kanthu, nayang'ana amuna opanda zipewa, nayang'ana ife. Analoza mbale ndi ndodo yake, ndipo atangoti aikankhe akazi onse anabuula pamodzi, iye n'kubweza ndodoyo modabwa. Chinyanja chake chinali chothyokathyoka koma chinkamveka.

“Kapitawo, ichi chiyani? Chifukwa chiyani anthu sagwira ntchito?”

Kapitawo akanatha kunena kuti ndi mayi wamisala chabe, ndipo bwana akanakhulupirira. Koma akanatero, bwana akanamuuza kuti ndiye tola mbaleyo uitaye, anthu onse akuona, ndipo dzanja lake linali litakana kale. Kapitawo anayankha.

“Ndi manda, bwana.”

“Manda a ndani?”

Kapitawo anatchula dzina la ababa. Analitchula lonse, ndi la mtundu wawo lomwe, mmene timatchulira m'Chilomwe, osati lachidule lija ankawaitanira pantchito. Anawonjezera, osafunsidwa ndi munthu, kuti analowa ndi fosholo, denga n'kugwa.

Amayi anatembenukira kwa anthu. “Mwamva nonse,” anatero, osakweza mawu. Kenako anayang'ana amalume. “Achimwene, mwamva.”

Anamasula duku, tsitsi lija n'kugwera m'mapewa, la imvi kale m'mbali, ndipo pa mfundo ya chilundu chawo anamasulapo lumo. Anali atabwera nalo. Apo ndi pamene ndinadziwa kuti kugwada konse kuja kunali kudikira tsiku limeneli.

Amalume anagwada kumbuyo kwa mlongo wawo, misozi ikutsika, nadula chingwe choyamba cha tsitsi n'kuchiika pambali pa mbale. Akazi anatula madengu n'kumaliza ntchitoyo, wina atatapa madzi ofiira a m'chiboo momwemo onyowetsera mutu. Ndipo amayi analira. Zaka zonsezo sindinawaonepo akulira, koma tsikulo analira maliro enieni, otchula dzina, akazi n'kulandira, mawu n'kulowa m'chiboo n'kubwerako ochuluka ngati nyimbo ija ya okankha ngolo. Nane anandimeta pomwepo. Lumo linali litabuntha, linandicheka pamwamba pa khutu, ndipo chipseracho ndili nacho.

Bwana anaima kanthawi akutembenuza chipewa m'manja, kenako anakwera njinga yake. Njerwa za shedi anakaumba kwina. Koma musaganize kuti anatisiya. Mlungu usanathe mlonda anabwera ndi uthenga wakuti mayi woimitsa ntchito uja ndi mwana wake achoke pa dothi la esiteti. Kapitawo anakhalabe ndi wezulo yake mpaka ukalamba. Sanamangidwe, sanafunsidwe ndi aliyense, ndipo ine sindinamukhululukire ngakhale abusa anandilalikira kangapo. Chiboo chinatsala m'manja mwa kachere. Nditapitako ndi ana anga patapita zaka, khomo linali litatsala kamphako kolowa nungu, mizu itakumbatira njerwa zotsala, koma tiyi anali atalekezera patali, ndipo mbale inali pomwepo, yadzimbiri, yosasunthidwa. Ndinawalozera, ndipo sanaseke.

Ife tinasamukira kwa abale ku Chinakanaka. Tsiku losamukalo ndinawapatsa amayi duku kuti avale, pakuti dzuwa linali loopsa ndipo tsitsi linali lisanamere. Analimanga m'chiuno. Katundu anabereka kumsana ngati mwana, kuti pamutu pasakhale kanthu, ndipo ine ndinachita chimodzimodzi. Tinadutsa pa Chitakale tsiku la msika, mitu yathu ikung'anima, amayi akuyenda pakati pa msewu osafulumira. Mayi wina wogulitsa nthochi, amene sankatidziwa, anaona mitu yathuyo, nasiya malonda ake n'kugwada monga timachitira kwa ofedwa. Anafunsa motsitsa mawu kuti kodi atisiya ndani.

“Amuna anga,” anatero amayi. “Anamwalira pantchito.”

Mayiyo anati pepani, ndipo amayi anayankha kuti zikomo. Anali pepani woyamba kumulandira chimwalirireni ababa, ndipo tinaima pomwepo padzuwa mpaka mayiyo atamaliza kutipepesa bwinobwino.